Batani Lobiriwira la Ba Gershom

Pa tchalitchi china cha kufupi ndi Chalimbana, munthu wamkulu aliyense ali ndi udindo. Alipo wapampando wa mabenchi, aliponso wachiwiri kwa mlembi wa komiti ya maluwa, ngakhale maluwawo ndi apulasitiki. Ba Gershom anali Mkulu wa Magetsi, ndipo udindowu ankaukonda kuposa munda wawo wa chimanga. Dzuwa likamalowa ankazungulira tchalitchi chonse kuyatsa maswichi amene anali apa ndi apo, makiyi akulira m'thumba. Kwaya sinkayamba kuphunzira nyimbo iwo asanafike. Kunyumba ngakhale nkhuku sizinkawamvera, koma kuno anthu ankawadikira.

Zinthu zinasokonekera atabwera Ba Mubanga, bwana wa mu ofesi ina ku Lusaka, amene anagula puloti chapafupi n'kumanga nyumba ya mpanda wautali. Bwanayu anapatsa mpingo magetsi akuluakulu a panja, natumiza Inutu, mayi wolumikiza magetsi wa pa boma la Chongwe, kuti agwire ntchitoyo.

Inutu anakhoma bokosi lachitsulo lotuwa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, n'kuitana Ba Gershom.

"Iyi ni panelo, batate. Aka kakuda ni kontakita, ndiye kazanyamula malaiti yonse pamozi. Kunja ku chipupa naika diso. Kukachita mdima, diso iuza kontakita, kontakita igwira, malaiti yayaka yeka."

"Yeka? Nanga ine?"

"Imwe muzapumula."

Mawu amenewo anawalasa mtima. Kupumula! Pa tchalitchi chimenecho munthu wopumula amakhala benchi ya kumbuyo, ndipo dzina lake limadzamvekanso pa maliro ake basi.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "niikileko batani pa chitseko apa. Ikulu, ya gilini. Olo isagwire nchito."

"Batani yopanda waya, batate?"

"Waya ni ya chani? Bantu sibaona waya."

Inutu anaseka mpaka misozi, koma anawamvera chisoni. M'chikwama mwake munali batani lakale lobiriwira lochoka pa chigayo. Anaboola chitseko cha panelo, n'kulimanga bwinobwino.

Kuyambira pamenepo Ba Gershom anasanduka katswiri wa mitambo. Madzulo ankasuzumira kumwamba, akaona kuti kwatsala pang'ono, ankalowa m'kachipinda muja, chitseko chili chotsekula kuti anthu aone, n'kuika chala pa batani, nkhope ili ngati ya dokotala. Kontakita ikati khwa! magetsi onse ngwee, iwo ankatuluka akupukuta manja. Masiku ena chalacho chinkadikira nthawi ndithu, ndipo ankafotokoza kuti magetsi amakono safuna phuma.

Koma Ba Mubanga sanapereke mphatso kuti ingoyaka mwakachetechete. Anafuna mwambo, riboni ndi wojambula zithunzi. Anasankha Lamlungu masana, mapemphero atangotha, chifukwa zithunzi zimaoneka bwino kukakhala dzuwa. Wapampando wa mpingo, Ba Matthias, analengeza kuti mlendo wolemekezeka adzadina yekha batani lobiriwira.

Ba Gershom anaona kuti zavuta. Masana diso lija likuona dzuwa, batani lilibe waya, bwana adzadina mphepo pamaso pa mpingo wonse. Kuulula kunali kutaya udindo ndi manja awo omwe. Mwamwayi anali ataonapo Inutu akuyesa magetsiwo masana potseka diso ndi chikhatho.

Tsikulo litafika, anthu ali pikitipikiti kutsogolo, iwo anazemba ndi makwerero kupita kuseri. Anakwera, navula chipewa, natchera khutu pa kazenera ka mphepo. Ba Mubanga analankhula za chitukuko. Analankhulanso za ubwana wawo, za mayi awo, ndi za mmene anthu a ku Chongwe ayenera kusinthira maganizo. Dzuwa la Okutobala linali likuwotcha dazi la Ba Gershom ngati mbatata.

Pomaliza anamva lumo likudula riboni. Anaphimba diso ndi chipewa. Panapita kanthawi, kenako khwa! Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Kunena zoona, padzuwa limenelo magetsiwo ankaoneka ngati maso a mbuzi yodwala, koma anthu anaomba m'manja ndi mtima wonse. Ba Gershom anapuma. Anali atapulumuka.

Ndiye Ba Matthias anatsokomola.

"Abale, mwaona mweka. Chala chimozi chabe! Olo mwana wa Sande sukulu angakwanise. So komiti yaona kuti udindo wa Mkulu wa Magetsi wasila lelo, siufunikanso. Ba Gershom tabayamika maningi. Kuyambila sabata ibwela bazayamba kuyangana manjinga panja."

Anthu anaombanso m'manja, mofanana ndendende ndi poyamba paja. Chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri. Anayang'ana mkono wawo umene unali udakali m'mwamba, ukugwirira ulemu wa munthu wina, ndipo manyazi anasanduka mkwiyo. Anachotsa chipewa pa diso, nachivala, nachikonza bwino.

Wojambula anali atangowandandalika akuluakulu pansi pa getsi lalikulu la pakhomo pamene kontakita inati khwa! Magetsi onse zii.

Ba Mubanga anathamangira ku panelo. Anadina ndi chala, anadina ndi chala chachikulu, anamenya ndi chibakera. Ba Matthias anayesa nawonso, atayamba apemphera. Magetsi sanayake, ndipo mwana wina anaseka.

"Ba Gershom bali kuti?" anakuwa wapampando, mawu atasasa. "Imwe, itanani ba Gershom!"

Kuseri kuja mkuluyo anamva bwinobwino. Anakhala pa makwerero, napukuta thukuta, n'kuwasiya kuti aitanenso mokweza.