Kutsitsa Dzuwa m'Chigafa

A Lazaro a ku Kapelula madzi aakulu omwe ankawadziwa anali a dambo la kumunsi kwa munda wawo. Ndiye mwana wawo Tiyamike atanena kuti wapeza malo kusukulu yoyendetsa sitima za panyanja yamchere, anangoti kukamwa yasa. Kukana poyera anachita nako manyazi, poti mwanayo anali wamkulu. Anaganiza zomutchera msampha.

"Kumadziko kulibe chulu, kulibe mtengo. Undionetse kuti sungasochere, ndikulola."

Tiyamike anabweretsa laputopu yake m'chigafa momwe bambo akewo ankasoka fodya. M'laputopumo munali masewera oyendetsa bwato, madzi okhaokha mbali zonse. Anatsegula kachipangizo ka magalasi kotchedwa sekisitanti, nayamba kutsitsa dzuwa la m'masewerawo pang'onopang'ono mpaka m'munsi mwake munakhudza mzere womwe madzi amakumana ndi thambo. Bwatolo linkagwedezeka, dzuwa n'kumathawa, iye n'kuyambiranso.

A Lazaro ankasoka fodya wawo, koma maso anali kwina. Nkhalamba imeneyi, mkulu wampingo wathunthu, inkapempherera mumtima kuti mwana wake alephere. Mayi ake a Tiyamike anamwalira kale, ndipo nyumba yopanda mawu a mwanayu ankaiopa kwambiri.

Tiyamike anawerengera, naloza pamapu pomwe ankati bwato lili. Makina anaonetsa malo enieni, pambali pang'ono.

"Ndaphonya, ababa," anatero motsitsa mawu. "Ndi makilomita angapo ndithu."

Mwayi unali m'manja mwawo. Koma a Lazaro mtunda ankauyeza ndi miyendo, ndipo miyendo sinama.

"Angapowo ndi ngati kuchoka pano kufika pati?"

"Mwina pachigayo."

A Lazaro anaika fodya pansi. Kuchigayo mwanayu ankapita yekha ali wamng'ono, thumba lili pamutu, ndipo sanasocherepo. Msampha unagwira mwini wake.

"Munthu akafika pachigayo ndiye kuti wafika kwathu," anatero. "Pita."

A Lazaro anatuluka m'chigafamo naima pabwalo, chithunzithunzi chili pansi pa mapazi awo. Anatchinga maso ndi dzanja lakuda ndi utomoni wa fodya.

"Uzikayeza dzuwa lomweli?"

"Lomweli, ababa. Kungoti kumeneko n'kumadzulo, limafika pamutu mochedwerapo."

"Palibe kanthu. Ndizilidikira."