Kanyumba ka Kuseri kwa Sitolo ya Haidari

Chaka chimene wailesi inayamba kukamba zoletsa alendo kugula malo ndi nyumba, panalibe munthu ku Njombwa amene anaomba m'manja kuposa a Amosi. Akaima pamzere wa makuponi a feteleza, pakamwa pawo sipankatsekeka. "Azipita kwawo," ankatero. "Akweza mitengo ya nyumba ndi iwowa. Eni dziko tizigona m'zigafa ngati fodya?" Anthu ankangovomera, poti pamzere wautali nkhani iliyonse imakoma.

Chimene a Amosi anaiwala n'chakuti nawonso anali obwera. Anafika pamudzipo ali mnyamata kudzakwatira Perpetua, ndipo imvi zinawamerera pachikamwini. Njerwa anaumba okha, malata anagula ndi thukuta lawo, koma dothi limene nyumbayo inaimapo linali la akuchikazi. Perpetua atamwalira m'dzinja, mlongo wake Vincent sanazengereze. Mwambo wosudzula utatha, anawauza mwaulemu, ulemu wobaya uja: "Alamu, takumasulani. Mukagulitsa fodya, mukawaone abale kwanu."

Kwawo ku Wimbe kunalibe chowadikira. Minda anagawana kalekale ana a alongo awo, ndipo amene ankawadziwa a Amosi ambiri anali kumanda.

Ndiye anamva za Haidari, wamalonda wa ku Tanzania amene anali ndi sitolo pa Santhe. Mphekesera za lamulo zija zinamutayitsa mtima, moti ankagulitsa zonse motchipa, kuphatikizapo kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo. A Amosi anapalasa njinga kukakaona. Denga linali losadontha, pakhomo panali mpapaya. Anagwirana chanza kuti fodya akangotuluka ku okushoni, kanyumbako n'kawo. Pobwerera ankamwetulira okha: suja ankanena kuti alendo akachoka nyumba zitsika?

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mabelo awo anakhalitsa pa depoti kudikira galimoto, atafika kumsika ogula anawakana, kenako anawakananso. A Amosi anatopa, kutopa kosatha ndi tulo. Ndalama zinabwera mphepo ya Ogasiti itayamba kale kuulutsa fumbi m'minda.

Atafika pa Santhe anapeza lole itaima pakhomo pa sitolo, anyamata akukweza matumba ndi mabedi. Haidari atawaona anagwetsa nkhope.

"Bambo Amosi, ndinakudikirani mpaka ndinachita manyazi ndi mkazi wanga. Munthu wina anabwera ndi ndalama m'manja. Watenga sitolo, kanyumba, ndi nyumba zina ziwiri za anzanga."

"Ndani?"

Kuseri kunatulukira Vincent, makiyi akulira m'manja. Aliyense ankadziwa kumene chuma chake chinachokera: ankagula makuponi kwa anthu anjala mu Novembala, n'kudzawagulitsa feteleza yemweyo mu Januwale. Lamulo lililonse limene likanabwera silikanamukhudza, poti iye anali mwana wa m'dziko muno, mchombo wake unakwiriridwa pa Njombwa pomwepo.

"Alamu, mwabwera bwino," anatero Vincent. "Simungagone panja ine ndilipo. Kanyumbaka ndikuika pa lendi. Nyumba pano zikusowa, ndiye mtengo wakwerako, koma inu tikambirana mwachibale."

A Amosi anayang'ana mpapaya uja. Mkwiyo anaufunafuna mumtima osaupeza, munangotsala kulema.

Lole inalira. Haidari, amene za kusudzulidwa kuja sankazidziwa, anasuzumira pawindo ndi mtima wabwino.

"Bambo, dzuwa lakula ili. Kwezani njinga, ife tikupita kwathu, tidutsa pa Kasungu. Tikakutsitsani panjira. Kwanu ndi kuti?"

A Amosi anatsegula pakamwa paja, pamene pamzere wa makuponi sipankatsekeka. Dalaivala anadikira, injini ikulira. Kenako a Amosi anatsekapo, nagwiritsa njinga yawo, lole n'kunyamuka.