Pijoti Yotsekeredwa ku Kawe

Grain Kaluwa adakhala zaka zinayi akufunafuna Pijoti 404. Ankagwira ntchito yotulutsa katundu pa doko la Dar ku Kurasini, ndipo tsiku lililonse ankaona magalimoto atsopano akukwezedwa pa malole opita ku Malawi, koma palibe imodzi yomwe inkamukoka mtima. Iye ankafuna yakale yomweyo ya ku France, ya zipsepse kumbuyo, ya magiya a pachiwongolero. Kawiri konse adapita mpaka ku Morogoro atamva mphekesera, n'kukapeza zigoba zopanda injini.

Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi, mnzake wa mukwaya adamuuza kuti mayi Edna a ku Kawe, omwe amuna awo adamwalira kalekale, akusungabe galimoto yotero. Grain sadadikire n'chakudya chamasana chomwe. Adakwera minibasi ya daladala atavala suti yake ya kutchalitchi.

Mayi Edna adamulandira pakhonde. Iye adawapatsa moni waulemu wa "shikamoo" ngati mwana wa mu Dar, koma iwo adayankha m'Chichewa cha ku Dedza, n'kumufunsa kwawo kwa makolo ake. Kenako adamutsogolera m'kanjira kopapatiza, koti munthu wonyamula ndowa ankadutsa cham'mbali.

Galimotoyo inali pakati pa bwalo, yoyera mofiirira, matayala ataphwa, padenga pake atayanikapo mapoto. Grain adatsegula boneti. Injini inalimo yonse. Atakweza maso m'pamene adaona vuto: mbali zonse zinayi kunali zipinda za alendi, anthu okhala molipira lendi. Amuna a mayi Edna adayimika galimotoyo pomwepo bwalo likadali lotseguka, ndipo chaka ndi chaka banjalo lidakhala likumanga chipinda china, mpaka geti lenilenilo lidasanduka khoma.

Pa za mtengo sadalimbane. Mayiwo adati ana awo akufuna kumanga chipinda chomaliza pamalopo, amisiri ayamba Lolemba pakatha sabata imodzi, ndipo ogula zitsulo adabwera kale ndi maganizo oicheka.

"Amuna anga adabwera nayo kuno kuchokera ku Blantyre ine ndili pambali pawo, mwana ali pamiyendo," adatero mayi Edna. "Sindifuna kuiona ikudulidwa ngati mbuzi. Mukaitulutsa yathunthu, osagumula khoma langa, tengani."

Sabata imeneyo Grain sadakhazikike. Lachiwiri adabwereranso kukayeza kanjira kaja, ngakhale ankadziwa kuti sikadakule. Lachitatu adaganiza zoimasula chidutswachidutswa, koma makaniko wina adamuuza kuti thupi la 404 ndi chinthu chimodzi chowotcherera. Kuntchito adalemba nambala ya kontena molakwika, bwana wake n'kumukalipira. Kunyumba ku Ubungo mkazi wake Miriam ankamuyankhula, iye n'kumangovomera zomwe sadamve, mpaka Miriam adamuuza kuti ngati wapeza mkazi wina ku Kawe angonena.

Lachinayi masana, ataimirira pa yadi akudya chipsi, adaona lole ya kireni ikunyamula jenereta n'kuidutsitsa pamwamba pa mpanda. Adasiya chipsicho pa dramu n'kuthamangira woyendetsa, Abdulrazaki, bambo wa ndevu zoyera wosakonda zoyankhulayankhula. Abdulrazaki adamvetsera, adafunsa kulemera kwa galimoto ndi kutalika kwa malata, kenako adati abwera Loweruka, koma chitsulo chowola ndi mphepo ya kunyanja sachilonjeza.

Loweruka lole idavutika kulowa m'kamsewu ka mchenga. Nthambo za magetsi zidali pafupi kuposa momwe Grain ankakumbukira, moti Abdulrazaki adasuntha lole katatu asanakhutire. Alendi adachotsa zovala pa zingwe n'kuima kutali. Grain adakwawira yekha pansi pa galimoto kukadutsitsa malamba, dzimbiri likumugwera m'maso.

Malamba atakungika, Pijoti idalira ngati chitseko chakale. Matayala adazuka m'dothi. Makoswe awiri adalumpha, akazi ena n'kuseka, koma mayi Edna adalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Galimoto itafika pamwamba pa malata idayamba kuzungulira pang'onopang'ono, paipi ya utsi idathothoka n'kugwera padenga ndi phokoso lalikulu, ndipo chitseko chakumbuyo chidatseguka chokha. Grain ankayenda uku ndi uku m'bwalomo, manja ali m'mutu, akukuwa "pole pole", kutanthauza pang'onopang'ono, kwa munthu yemwe sankamumva n'komwe. Adadikira kuti pakati pathyoke. Sipadathyoke.

Pomwe ankatuluka m'kanjira kaja, galimoto inali itakhala kale pa lole. Abdulrazaki adamuitana n'kumulozera pansi pa mpando wa dalaivala, pomwe panali bowo loti mutu wa munthu ungalowe.

Mayi Edna adatuluka tsopano. Adayang'ana galimotoyo nthawi yaitali, kenako adamupatsa Grain kiyi womangidwa pa kachingwe ka kolona.

"Ikadzalira mudzandipititse nayo kutchalitchi," adatero. "Koma musachedwe, mwana wanga. Ine si wa zaka zambiri kutsogoloku."

Grain adafuna kutchula mwezi, koma adalephera. Adangoti ayesetsa.

Chitseko chakumbuyo chija chidakana kutsekeka, ndipo chingwe chomangira chinali chitatha. Choncho Grain adakwera kumbuyo kwa lole, n'kukhala pambali pa galimoto yake atachigwira ndi dzanja limodzi. Pa mzere wa magalimoto ku Mwenge anthu a m'mabasi ankamujambula ndi mafoni. Iye sadawaone. Ndi dzanja linalo ankaimbira munthu wa ku Tabata yemwe ankamveka kuti amadziwa kuwotcherera pansi pa magalimoto akale. Foni inkangoitana osayankhidwa, ndipo Grain adaimbanso.