Makina Sanama

"Baba, chala chimodzi, batani limodzi," anatero Loyce atagwira dzanja la bambo ake. "Inu mukudina ngati mukukhoma msomali."

Amuna khumi ndi awiri omwe anapanikizana pa timabenchi ta ana anaseka. Linali Loweruka masana m'chaka cha 1977, pa sukulu ya pakomponi ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Kwekwe. Azungu ophulitsa miyala ankangotengedwa kupita kunkhondo, ndiye kampani inakumbukira mwadzidzidzi kuti anthu akuda nawonso ali ndi mitu. Inalengeza mayeso oti wokhoza adzalandira tikiti yophulitsira miyala. Inagulanso kakyuleta imodzi, kamakina kowerengera samu koonetsa manambala ofiira, n'kukapereka kwa Loyce, mphunzitsi wa pasukulupo, kuti akonzekeretse amunawo m'milungu isanu ndi umodzi.

Kwa enawo tikitiyo inali yongokwezera udindo. Kwa a Nehemiya, bambo ake a Loyce, inali nyumba. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo mabwana anali atawauza kale kuti fosholo yawakulira, chaka chikatha alibe tikiti adzawapumitsa. Pakomponi nyumba zinali za kampani, moti wosiya ntchito ankabwezanso makiyi. Kwawo ku Ntcheu anachokako ali mnyamata, ndipo ana awo ang'onoang'ono ankalota m'Chishona.

Chopweteka n'chakuti chingwe choyatsira dainamaiti, chija amati fyuzi, ankachidziwa kuposa mzungu aliyense pamgodipo. Zaka makumi atatu anazithera kumbuyo kwa ophulitsa, akuwanyamulira mabokosi. Ankangochiyeza ndi mkono n'kunena mphindi zimene moto uyende, osaphonya. Koma mayesowo anali a mamita, ndipo ankafuna yankho papepala.

"Zala zimenezo n'za jekehama yoboolera miyala, madala," anawaseka Daison, mnzawo wa pashifiti. "Kamakinako kakulira, kamvereni chisoni."

"Ingondipatsani chingwecho m'manja, ndikuuzani," anang'ung'udza a Nehemiya. "Samu zanga zili muno."

Loyce anali atatopa. Kakyuleta imodzi, amuna khumi ndi awiri, aliyense kuigwira mphindi zochepa basi, ndiye bambo ake omwe n'kumataya nthawi ndi makani.

"Baba, zam'mutuzo muzizisiya pansi pa mgodi," anatero mokalipa. "Mzungu sadzafunsa mkono wanu. Chimene makina alemba, inunso lembani chomwecho. Makina sanama."

A Nehemiya anayang'ana mwana wawoyo, amene anamuphunzitsa ndi thukuta la pansi pomwepo, n'kugwedeza mutu.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo sanatsutsenso. Ankadina, n'kukopera, kudina, n'kukopera. Loyce ankati zayamba kuyenda.

Mayeso anachitika Lachisanu m'mawa mu ofesi ya pashafuti, polowera pansi pa mgodi. Woyesa anali mzungu wochokera ku Gweru, ndipo ankawaitana mmodzimmodzi. Mafunso apakamwa a Nehemiya anawamwa ngati madzi: chochita dainamaiti ikakana kuphulika, kayesedwe ka denga la mgodi, kanunkhidwe ka mpweya woipa. Mzunguyo anachita kukweza nsidze. Kenako anawakankhira pepala ndi kakyuleta ija.

Funso linali lakuti fyuzi ndi yotalika mamita 2.5, ndipo mita imodzi imapsa mphindi ziwiri. Ukayatsa, uli ndi mphindi zingati zothawira?

Anadina 2. Anadina kadontho, koma kabatani kake kanali kakang'ono, ndipo nsonga ya chala chawo inafa kalekale itapsinjidwa ndi mwala, moti sanamve kuti sikanalowe. Anadina 5, n'kuchulukitsa ndi 2. Manambala ofiira aja anati 50.

Mamita awiri ndi theka, Loyce anawaonetsapo pakhoma, n'kutalika kwa chitseko kuwonjezapo pang'ono. Chingwe chotero ndi mphindi zisanu, ngakhale utawadzutsa kutulo akanatero. Anagwira pensulo nthawi yaitali, thukuta likutsikira m'khosi. Kenako analemba 50.

"Mphindi makumi asanu, madala?" anafunsa mzunguyo m'Chilapalapa, chiyankhulo cha pamgodi. "Ukayatsa ukhale pansi uzimwa tiyi ndi anthu ako? Ikona, ayi ndithu. Iwe udzapha gulu lonse."

Anadula mzere padzina lawo. Mayeso ena anali chaka chamawa.

Loyce anamva nkhaniyo kwa Daison, yemwe anakhoza koma analibe nkhope yosangalala. Anapeza bambo ake atakhala pakhonde, nsapato za pansi pa mgodi zikadali kumapazi. Anatulutsa kakyuleta ija m'chikwama n'kubwereza samuyo. Inati 5.

"Simunadine kadontho, Baba," anatero Loyce. "Koma inu simunaone kuti yankholo n'lopenga?"

"Ndinaona. Ndinadziwa kuti ndi zisanu ndisanakhudze n'komwe makinawo."

"Nanga munalemberanji?"

"Unati makina sanama, mwanangu." Ananena mofatsa, ngati akunena za mvula. "Ndinadzifunsa kuti ine ndine ndani, munthu wolekeza Sitandade 1, kuti nditsutse makina a mzungu ndi mwana wanga wophunzira?"

Loyce analakalaka akanamukalipira, kapena kumutukwana kumene. Anati akadandaula kwa manejala, akapempha kuti awayesenso, koma onse awiri ankadziwa kuti mphunzitsi wakuda sadutsa pageti la maofesi aja. A Nehemiya anangoyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Ng'amba pepala m'kope lakolo," anatero. "Tilembere mng'ono wanga Nowa ku Ntcheu. Umufunse ngati munda wa malemu amayi uja ukadalipo, kapena anagawana. Umuuze kuti tifika mu Januwale, ine, mayi ako ndi ana atatu."

Loyce anakhala pasitepe, kope lili pabondo, n'kulemba. Atafika pakati anaima.

"Ndilembe kuti chachitika n'chiyani?"

Bambo ake anayang'ana kamakina kaja, kali gone pasimenti, 5 wofiira uja akadali kuyaka.

"Lemba kuti ndakalamba," anatero. "Zinazo usalembe."