Tsitsi la Policarpo

Mwamuna wanga Policarpo anaikidwa m'manda m'chaka cha 1956, tsiku limene ine ndinali kumumwetsa phala ku Beira. Musandiyang'ane choncho, ndifotokoza.

Policarpo ndiye ankatsogolera nyimbo za gule wa ngoma kwathu, kufupi ndi Fonte Boa. Akakweza mawu ankamveka kutsidya kwa dambo, ndipo Angoni a midzi yakutali ankamudziwa. Tsiku lina ng'ombe inamumenya m'mutu akuimanga pagoli. Anadzuka n'kuseka. Patatha milungu iwiri dzanja lamanja linalefuka, pakamwa panapotoka, mawu n'kutheratu.

Padiri, wansembe wa kwathu, anati magazi aundana m'mutu, ndipo ku Beira kwabwera dotolo wa ubongo wochokera ku Lisboa. Alamu anga a Afonso, akulu ake a Policarpo, anakana.

"Mlamu, mutu wa munthu si dzungu loti aziboola. Akakafera kumeneko, mlandu ndi wanu."

Ndinawayankha kuti ndamva, m'mawa mwake n'kumukweza Policarpo pa kamyau, lole ya mbatata. Ndinkafuna mawu a mwamuna wanga, basi.

Dotolo uja anali kamunthu kowonda, ka manja ngati a mtsikana. Ndinati mumtima, kameneka n'kotsegula mutu wa Mngoni? Asanayambe ntchito anamumeta Policarpo mpala, tsitsi n'kulisiya pansi kuti alisese. Ine ayi! Ndani amasiya tsitsi la mwamuna wake kwa alendo? Ndinalitola lonse, ndinalikulunga m'kansalu pamodzi ndi chipewa chake, n'kupatsa Nikolasi, munthu wa ku Ulongwe amene ankabwerera kumudzi kuchokera kudoko. Ndinati akauze a Afonso asunge, mwini wake akubwera.

Nikolasi anadwala panjira n'kupatsira mtolo uja woyendetsa kamyau. Woyendetsayo anausiya kwa mayi wina pamsika. Mtolo unafika, koma mawu anga anagwera m'njira.

Tsono kwathu, katundu wa munthu akafika yekha mwini wake palibe, monga zinkachitikira kwa ofera kumigodi ya ku Joni, aliyense amadziwa tanthauzo lake. Nanji tsitsi! A Afonso anangomasula kansalu n'kuyamba kulira. Anapha ng'ombe, anakulunga mtolowo m'chikopa chake, n'kuuika mwaulemu wonse. Akuti anthu anachokera ku Kalomwe, ena mpaka ku Dedza, ndipo maliro otere anali asanaonekepo.

Ife ku Beira sitinadziwe kanthu. Kadotolo kaja kanaboola fupa, kanachotsa magazi akuda, Policarpo n'kutsitsimuka. Ndinavina pakhonde la chipatala, anamwino akundiseka. Dzanja linayamba kugwira. Koma mawu, zii. Dotolo anandiuza kudzera mwa womasulira kuti moyo wapulumuka, koma za kulankhula sangalonjeze. Ndinathokoza ndi pakamwa, mtima ukuwawa.

Patatha milungu isanu ndi umodzi tinatsika kamyau pamsewu wa kwathu dzuwa lili paliwombo. Amayi a pachitsime atationa anaponya mitsuko n'kuliyatsa liwiro, akukuwa. Tinalowa m'mudzi, ine n'kudabwa: abale onse mitu mbee, ameta maliro. Policarpo naye mutu mbee. Banja lonse linafanana tsiku limenelo.

A Afonso anatuluka m'nyumba. Anamugwira mng'ono wawo phewa, khutu, chipsera cha m'mutu.

"Mlamu, nanga tinaika ndani?"

"Munaika chipewa, alamu. Chinali chatsopanonso."

Nthungululu zinaphulika. Uthenga unathamanga kuposa wa maliro uja, ndipo dzuwa lisanapendeke bwalo linali litadzaza. Wina akulira, wina akuseka, wina akumufunsa Policarpo mafunso khumi nthawi imodzi. Iye ankangotsegula pakamwa n'kutseka. Anthu atazindikira, phokoso linazilala. Ndinamva a Afonso akunong'ona kuti dotolo wabweza thupi lokha. Zinandilasa, chifukwa inenso ndinkaopa zomwezo.

Amuna anatenga zishango ndi zibonga kuti amulandire ndi ngoma. Anayambitsa nyimbo imene Policarpo anapeka yekha, koma woyambitsayo anaitengera m'mwamba kwambiri, mapazi n'kusokonekera. Ndinaona nkhope ya mwamuna wanga ikukwinyika. Phazi lake linagunda pansi kamodzi, kawiri. Kenaka anaimirira.

Mawu anatuluka! Osasa, olemera, koma ake enieni. Anaimba mzere wonse osaphonya, munthu amene sankatha kupempha madzi. Amuna anaponda pansi fumbi n'kuti kobo, amayi akugwa ndi nthungululu, a Afonso akulira ngati kamwana.

Atafika pamene nyimboyo imatchula mayina a ngwazi zakale, Policarpo sanawatchule. Anatembenukira kwa ine, misozi ili mbwembwembwe, n'kuimba dzina limodzi lokha, langa, katatu konse.

"Fernanda, Fernanda, Fernanda."

Bwalo lonse linavomera.