Zipinda Ziwiri ku Matero

Kalata ya amuna anga, a Filipo, inafika ku Zemba tikukumba nsawa, chaka cha 1956, patatha miyezi isanu ali zii. Ndinaiwerenga chiimire m'munda momwemo. Ankati achoka kumene amagona amuna okhaokha, tsopano ali ku Matero, nyumba nambala 412, ya zipinda ziwiri. Pansi penipeni anawonjezera kuti, "Usafulumire kubwera."

Mawu amenewa anandidetsa nkhawa. Munthu watha zaka ziwiri ku Lusaka, wapeza nyumba, ndiye mkazi wake asafulumire? Ndinadzinyenga kuti mwina akufuna ayambe agula mipando, koma mtima unakana. Ndinaganiza zongonyamuka.

Njira sindinkaidziwa, choncho m'mawa mwake ndinapita ku Mlolo kwa malume anga, a Yoweli, amene anagwira umesenjala ku khonsolo ya Lusaka zaka khumi. Mkulu ameneyu ukamufunsa za Lusaka, yamba wapeza pokhala, chifukwa amafotokoza ngati mzindawo anaumba ndi manja ake. Kalata yathu ya ukwati, ya ku bwalo la mfumu, ndinaimangirira pansonga ya chitenje, poti ndinamva kuti mkazi wopanda kalatayo amamubweza panjira.

Malume anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi.

"Iwe Felicia, ukuyesa Lusaka ndi mudzi woti ukafunsa kamwana kuti kwa a Filipo n'kuti? Ona, iyi ndi njanji. Uku ndi kumayadi kwa azungu. Mwini zonse ndi khonsolo: madzi ndi ake, misewu ndi yake, ngakhale manda. Pansi pa khonsolo pali makomboni, Chilenje apa, Kabwata apa, Matero kutsidya kwa njanji. Komboni iliyonse ili ndi ofesi yake, mzungu wake ndi akapitawo ake. Ukadutsa malire awa wafika m'timisasa ta m'mafamu. Kumeneko khonsolo sikudziwa, ngakhale ufe."

Ndinkangogwedeza mutu, maso ali pa Matero.

"Ukatsika basi usakayendeyende, ukalunjike ku ofesi," anapitiriza. "Nyumba za m'komboni si za anthu, ndi za khonsolo. Aliyense wogonamo ndi wolembedwa. Mlendo wosalembedwa, apolisi a komboni amamutulutsa. Mwamuna wakoyo ali nyumba iti?"

Ndinawawerengera kalata ya a Filipo ija. Nditafika pa zipinda ziwiri, kamtengo kanaima.

"Tawerenganso."

Ndinawerenganso. Malume anayang'ana kumunda, kenako anayamba kufunafuna fodya m'matumba onse, chonsecho anali naye kukhutu.

"Mwina malamulo anasintha," anatero. "Ine ndinachokako kale."

Ndinawayang'anitsitsa. Chibadwire sindinamvepo a Yoweli akukayikira chimene akudziwa za Lusaka.

"Malume, nenani. Sindine mwana."

Anapumira m'mwamba. "Masiku anga, mwamuna wopanda mkazi ankangomupatsa pogona, anayi m'chipinda chimodzi. Zipinda ziwiri ndi za mabanja. Umapita ku ofesi ndi kalata ya ukwati m'manja, ndipo mkaziyo amaima pomwepo kuti kapitawo amuone ndi maso. Akatero ndiye amalemba dzina lake, n'kukupatsa kiyi."

Dzanja langa linapita lokha pansonga ya chitenje. Kalata yathu inali pomwepo, yopindidwa kanayi, ndipo chiilandirireni sinatulukepo m'dziko la kwathu. Ndinaimasula n'kuiyala pabondo, ngati kuti mayina athu awiriwo angandiyankhe.

"Nanga anaima pamaso pa kapitawo ndani?" ndinafunsa.

Malume anaika pansi kamtengo kaja. Anayamba kufufuta Lusaka wawo ndi phazi, Chilenje, Kabwata, njanji. Atafika pa Matero ndinawagwira mwendo.

"Siyani pamenepo. Mundionetse pamene pali ofesi."

"Ukakafika kumeneko, mwana wanga, wolembedwa ndiye mkazi winayo," anatero motsitsa mawu. "Mlendo ukakhala iwe."

"Ndamva," ndinatero, uku ndikumanganso kalata ija pansonga ya chitenje. "Lole ya ku Fort Jameson, kokwerera basi ya ku Lusaka, imadutsa Lachinayi, eti?"