Anthu Asanu Okagula Mchere

Ndinafika ku Milange mu Meyi 1986 kudzayamba ntchito yolemba magiya. Giya linali pepala la ulendo, ndipo popanda ilo munthu sankadutsa pomwe pali asilikali, ngakhale akupita kumaliro. Ine ndinkalemba pa makina. A Simão, mkulu wa ofesi, ankasaina ndi kudinda masana, atakhuta, osawerenga.

Kumene ankakhutako sanandiuze, inenso sindinafunse. Kufunsa kumandivuta chibadwire. Kwathu ku Molumbo amayi ankati ndidzafa ndi njala nditatsamira nkhokwe.

Sabata yoyamba ndinayesa nyumba yodyeramo ya pafupi ndi msika. Pakhoma anali atalembapo zakudya khumi ndi ziwiri, ndi kujambulapo nkhuku yonenepa. Ndinawerenga zonse mosamala, n'kusankha nkhuku. Wogulitsayo anandiyang'ana ngati ndamutukwana, nandibweretsera kabichi wowiritsa. Mawa lake ndinasankha nsomba, kunabwera kabichi. Ndinayesanso kwa bambo wina wowotcha chinangwa pansi pa mtengo wa mango. Chinali chowawa, ndipo masana onse zilembo za pa makina zinkandivinira. Kenaka ndinayamba kungokhala mu ofesi nthawi ya nkhomaliro, n'kumayang'ana phiri la Tumbine ngati munthu amene wadya kale.

Amene anandipeza ndi Dona Carlota, mayi wamasiye wamfupi, wophika kuseri kwa nyumba yake m'njira yopita kumalire. Analowa mu ofesi a Simão atatuluka.

"Ndinu mwana watsopano uja? Dzina ndani?"

"Celestino, mayi."

"Mumadya mapepala, a Celestino? Dzukani, tiyeni."

Kwawo kunali benchi limodzi ndi mbale zamalata. Anandipatsa mpunga ndi nandolo, wothira mchere weniweni. Lilime langa linali litauiwala. China chimene ndinakonda n'chakuti sankandichezetsa ndikamadya. Ana awo anayi ankandiyang'ana, ine n'kumayang'ana mbale.

Tsiku lachinayi anakhala pambali panga.

"Mchere ukutha, mwananga. Ndilembereni giya, ndikagule ku Muloza, tsidya la Malawi."

"Dzina lanu lokha?"

"Ndi anawa. Akandithandize kusenza."

Ndinayang'ana Januária, wamng'ono pa onse, amene chikho cha madzi ankachinyamula ndi manja awiri n'kutayabe. Ndinaonanso mphasa zokulungakulunga pakhonde. Munthu wokagula mchere sakulunga mphasa. Ndinadziwa kuti akawoloka sadzabweranso, ndipo ine ndidzabwerera kwa kabichi uja.

"Mapepala atha, mayi," ndinatero. "Mwina sabata yamawa."

Mu kabati munali mapepala odzaza bokosi. Linali bodza langa loyamba la pantchito, ndipo linatuluka mosadodoma, kuposa moni wanga.

Mawa lake panali usipa pambali pa nandolo. Tsiku lina dzira.

"Mapepala afika, a sekeretariyu?"

"Afika, mayi, koma riboni ya makina yauma."

Riboni itauma kunabwera mazira awiri. Ndinayamba kuboola bowo latsopano pa lamba. A Simão anandiyamikira kuti ndazolowera msanga moyo wa m'tauni.

Masiku amenewo anthu a ku Mongue ankafika ndi mitolo pamutu, ena akukankha njinga zosenza nkhalamba. Ankati a m'tchire, omwe ankamenyana ndi boma, ayandikira, ankatchula midzi yomwe yapsa. Ndinkawalembera mayina, n'kumayang'ana wotchi ya pakhoma. Sindinali munthu wouma mtima. Ndinkangoganiza kuti sabata imodzi yowonjezera siingaphe munthu, ndipo sabata iliyonse ikatha ndinkaganizanso chimodzimodzi.

Lachitatu lina ndinapeza nkhuku m'mbale, osati yojambula. Ana sanabwere kudzandiyang'ana. Ndinawaona kuseri kwa khitchini akudya chigwada m'mbale imodzi.

"Idyani," anatero Dona Carlota. "Ndi yomwe inkaikira mazira anu aja. Ikatha imeneyi ndilibenso chopha, pokhapokha mufune Januária."

Ndinayesa kuseka, sizinatheke.

"Mapepala alipo, ndikudziwa. Riboni nayonso ili bwino. Pa benchi mwakhalapo ankakhala a Simão. Anadya mbuzi yanga yonse, mwendo ndi mwendo, giya osatuluka. Nditakuonani muli phee mu ofesi muja ndinati, uyu ali ndi manyazi, mwina amuthandiza kukhala munthu. Kaya ndinaona molakwa."

Anatola ndowa napita kukatunga madzi.

Ndikanakonda kunena kuti nkhukuyo ndinaisiya. Ndinaimaliza, mafupa omwe ndinaswa. Ndinali nditadziwa kuti ndi yotsiriza, ndipo kuisiya sikukanaidzutsa.

Nditabwerera ku ofesi ndinalemba mayina asanu. Cholinga cha ulendo: kukagula mchere. Kutalika kwa ulendo: tsiku limodzi. Pepalalo ndinalilowetsa pakati pa mulu. A Simão anafika akutokosa mano, anasaina, anadinda, n'kundifunsa ngati ndapeza kodyera kwabwino.

"Ndikufunafunabe, a shefi," ndinayankha.

Dona Carlota ndi ana awo anawoloka mawa lake m'mawa. Masana miyendo inanditengera kunyumba kwawo kuja mwachizolowezi. Chitseko chinali chomanga ndi waya, benchi kulibe. Ndinaima pang'ono, kenaka ndinatembenukira kumsika, ndikudzikonzekeretsa kusankha nkhuku pakhoma paja.

"A Celestino! A sekeretariyu!"

Anali mayi wamtali amene sindinali kumudziwa, ataima pakhomo la nyumba yachitatu.

"Ndine Virgínia, mnzawo wa Dona Carlota. Anandiuza kuti mumakonda nandolo wosalimba. Lowani, dzuwa likuotcha ili."

Ndinalowa, chifukwa kukana nakonso kumandivuta. Pabwalo ndinawerenga ana asanu ndi awiri, ndi agogo aamuna atagona pamthunzi. Nkhuku zinali zinayi. Anandipatsa madzi osamba m'manja, anaika mbale patsogolo panga, ndipo anadikira mpaka nditadzaza m'kamwa.

"Kuofesi kwanuko," anatero Dona Virgínia, "mapepala alipo?"

Ndinatafuna pang'onopang'ono.